Magazi ndi umaliseche si zimene zimakhwimitsa gemu

Mu Disembala 2024, pa mwambo wopereka mphotho kwa magemu wa The Game Awards ku Los Angeles, kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inaonetsa kanema woyamba wa The Witcher IV. M'kanemamo, anthu a m'mudzi wina akupereka mtsikana nsembe kwa chilombo cha m'nkhalango. Ciri, mwana amene analeredwa ndi Geralt, ngwazi ya magemu am'mbuyomu a The Witcher, akumutsatira mtsikanayo n'kumuuza kuti athawe abwerere kwawo, ndipo iye akulimbana ndi chilombocho mpaka kuchipha. Pobwerera kumudzi akupeza mtsikana uja ali kwala pansi, ataphedwa ndi anthu akwawo omwe.

Kutacha, osewera tinali pa mkangano waukulu, koma za mtsikanayo zinkamveka mwa apo ndi apo. Ena ankati nkhope ya Ciri yasintha. Ena ankafunsa ngati mkazi angapirire mankhwala amene amasandutsa munthu kukhala witcher, mlenje wa zilombo. Enanso ankamuimitsa kanemayo pakati n'kumayang'anitsitsa kuwala kwa moto pa lupanga, kuti adziwe ngati kompyuta yawo idzakwanitse kunyamula gemu yotere. Inenso ndinamuonera kangapo, mtima ukugunda. Koma funso limene kanemayo anatiikira pamaso, lakuti kupha chilombo kumathandiza chiyani ngati mantha a anthu akadali amoyo, linangotidutsa ngati mphepo.

Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Tikamva kuti kukubwera gemu ya nthano "ya akuluakulu", timadikira zinthu zimene maso angaone: magazi, mdima, matupi osavala, zilombo zonyansa. Tikaigwira m'manja, timaiweruzanso ndi maso omwewo m'maola ochepa oyambirira. Komatu chimene chimachititsa gemu yotere kukhala ya anthu okhwima maganizo sichioneka m'kanema wotsatsa, ndipo sichimveka tsiku loyamba. Chimabwera mochedwa, pamene chinthu chimene munasankha dzana chakupezani mutachiiwala.

Tiyambe ndi mawu akuti "ya akuluakulu" omwewo. Ku America kuli bungwe la ESRB, limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo limaika chilembo cha M pa gemu yoyenera anthu a zaka 17 kupita m'tsogolo. Ku Ulaya kuli PEGI, imene inayamba mu 2003, ndipo nambala yake yapamwamba ndi 18. Mabungwewa amayang'ana zimene zili m'gemumo: nkhanza, kutukwana, zogonana, mankhwala osokoneza bongo, juga. Ntchito yawo ndi yofunika, ndipo kholo limene limanyalanyaza chilembo chimenechi likumulakwira mwana wake. Koma chilembocho ndi chenjezo basi. Sichinena kuti olemba nkhaniyo anaganiza mozama. Gemu ingathe kulandira 18 maganizo ake ali a mwana wa zaka khumi amene wangophunzira kutukwana. Otsatsa malonda ndi amene analitenga chenjezoli n'kulipachika pachifuwa ngati mendulo, ndipo ife osewera tinawalola.

Amene anadikira Dragon Age: Origins akukumbukira. Kampani ya BioWare ya ku Edmonton, ku Canada, inalengeza za gemuyi mu 2004, ndipo inatuluka mu Novembala 2009. Zaka zisanu anthu akudikira, makamaka amene anakulira pa Baldur's Gate ya 1998 ndi yachiwiri yake ya 2000, poti analonjezedwa kuti uyu ndi mdzukulu wa magemu amenewo. Nthawi yotulutsa itayandikira, makanema otsatsa anadzaza magazi okhaokha, nyimbo zaphokoso ndi anthu akuvulana. Ngakhale chizindikiro cha gemuyo chinali chinjoka chojambulidwa ndi magazi. M'gemu mwenimwenimo, anthu anu akatuluka m'nkhondo amayamba kukambirana nkhani zachisoni nkhope zili psuu ndi madontho a magazi, moti ambiri ankangozimitsa zimenezi.

Lero funsani munthu aliyense amene anaimaliza kuti akukumbukira chiyani. Sadzatchula madontho aja. Adzakuuzani za Orzammar, mzinda wa pansi pa nthaka, kumene mumasankha mfumu pakati pa anthu awiri. Harrowmont ndi mkulu waulemu, wofatsa, wosunga mwambo. Bhelen ndi kalonga wamagazi m'manja, amene anakonza imfa ya mkulu wake n'kukankhira mlandu kwa m'bale wake wina. Mtima umakuuzani kuti musankhe Harrowmont. Pamapeto pa gemu m'pamene mumawerenga kuti mu ulamuliro wake mzinda unadzitsekera, ndipo anthu otsika, amene sawerengedwa ngati anthu n'komwe, anapitiriza kuponderezedwa. Bhelen, wakupha uja, ndi amene anawapatsa mpata, ngakhale analamulira ndi dzanja lachitsulo. Palibe anakuchenjezani. Munasankha munthu wabwino, ndipo amphawi ndi amene analipira.

Gemu yomweyi imationetsanso pamene olemba anachita mantha. Ku Redcliffe kuli mnyamata dzina lake Connor amene wagwidwa ndi chiwanda. Mukhoza kumupha mwanayo, kapena kulola mayi ake, Isolde, kuti apereke moyo wawo pa mwambo wa matsenga a magazi. Zonse ziwiri n'zowawa. Koma pali njira yachitatu: kupita kutali kukaitana amatsenga ena kuti adzathandize. Mumachoka, mumatha masiku m'njira, ndipo pobwera mumapeza chiwanda chikukudikirani mwaulemu, osapha aliyense. Onse apulumuka. Munthu akangodziwa njira imeneyi, kulemera konse kwa chisankho kumatha. Ine ndimaona kuti pamenepa gemuyo inabwerera ku ubwana, ngakhale chilembo cha M chili pomwepo pa bokosi.

The Witcher yoyamba, ya 2007, inali ndi zonse ziwiri, ubwana ndi kukhwima, m'thumba limodzi. Inachokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, ndipo inapangidwa ndi a CD Projekt Red aja, imene inali gemu yawo yoyamba, pogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira magemu ya Aurora imene anabwereka kwa BioWare. Chimene chinatchuka msanga ndi makadi: Geralt akagona ndi mkazi, wosewera ankalandira chithunzi cha mkaziyo ali wosavala, ngati mphotho yoti aziunjika. Ku North America makadiwo anayamba atawaphimba pang'ono, ndipo panabuka mkangano woti gemu ya akuluakulu yaipitsidwa. Ine sindinaonepo kukhwima kulikonse pa makadi amenewo. Kusandutsa akazi zinthu zotolera ndi maganizo a mnyamata amene sanayambe wakhala pansi n'kumvetsera mkazi akulankhula, ndipo kampaniyo inachita bwino kuwasiya m'magemu otsatira.

Koma m'gemu yomweyo munali chinthu chimene chinasintha mmene ambiri timaonera RPG, magemu amene umasewera ngati munthu wa m'nkhani n'kumamusankhira zochita. Kumayambiriro, mukulondera katundu wa wamalonda wina m'mbali mwa mtsinje usiku, pakubwera gulu la Scoia'tael, zigawenga za ma-elf ndi ma-dwarf, mitundu ya m'nthano imene anthu amaizunza. Akupempha kuti atenge katunduyo. Mukawamvera chisoni n'kuwalola, palibe chimene chimachitika. Mumapitiriza ulendo. Patapita maola ambiri, mutalowa mumzinda wa Vizima, mumapeza munthu wina dzina lake Coleman ataphedwa ndi zida zomwe zija, ndipo gemu imakukumbutsani usiku uja wa kumtsinje. Mlandu suwola.

Kuchedwa kumeneku n'kumene kuli ndi mphamvu, ndipo chifukwa chake wosewera aliyense akuchidziwa. Tonse tili ndi chizolowezi chosunga gemu tisanasankhe. Tikaona kuti zatipweteka, timabwerera pamene tinasunga paja n'kusankha zina. Zotsatira zikabwera pompopompo, chisankho chimangokhala ngati kuyesa makiyi pa chitseko mpaka china chitsegule. Koma zikabwera patapita maola khumi, ndani angafafanize maola khumi a moyo wake? Mumangokhala nazo. Mumasenza zimene munachita n'kumapita nazo patsogolo, ngati mmene munthu wamkulu amachitira m'moyo weniweni. Mwana amaganiza kuti chilichonse chingabwezedwe. Wamkulu anaphunzira kuti zina zikachitika zachitika.

Ndiloleni ndikhalitse pa nkhani imodzi, chifukwa ndi imene inandichititsa kuganiza zonsezi. The Witcher 3: Wild Hunt inatuluka pa 19 Meyi 2015. Isanatuluke, mkangano waukulu unali woti zithunzi zake zatsika poyerekeza ndi makanema amene anaonetsedwa mu 2013. Anthu ankaika zithunzi ziwiri pambalipambali, kuwerenga utsi ndi udzu. Ena analumbira kuti sagula. Zaka zapitapo tsopano, gemuyo inagulidwa makope oposa 50 miliyoni, ndipo sindikumbukira tsiku lomaliza limene ndinamva munthu akudandaula za udzu uja. Chimene anthu amakambabe ndi bambo wina wa m'gemumo, wa ku dera la Velen, Phillip Strenger, amene amadziwika kuti Bloody Baron.

Mumakumana naye ali mwamuna wonenepa, woseka mokweza, wokonda mowa, amene mkazi wake Anna ndi mwana wake Tamara asowa. Akukupemphani kuti muwapeze. Pang'ono ndi pang'ono mumazindikira kuti sanabedwe. Anathawa, chifukwa bamboyu wakhala akumumenya mkazi wake kwa zaka zambiri. Usiku umene anathawawo Anna anapita padera, ndipo Baron anakakwirira khandalo mobisa, popanda dzina, popanda mwambo. Khanda lotayidwa chonchi, m'dziko la gemuyi, limadzuka ngati kachilombo konyansa. Mukhoza kukapha. Kapena mukhoza kumuuza bamboyo kuti akanyamule m'manja mwake, ayende nako usiku mpaka pakhomo pa nyumba yake, akapatse dzina, apemphe chikhululuko, n'kukaika m'manda pansi pa khomo.

Ndinasankha njira yachiwiriyi. Ndinamuona munthu amene mphindi zochepa zapitazo ndinkafuna kumumenya, atanyamula kanthu koopsa kaja ngati mmene bambo amanyamulira mwana, mawu akunjenjemera, akukatcha dzina lakuti Dea. Ndinachotsa dzanja pa mbewa ya kompyuta n'kukhala chete nthawi yaitali. Sindinamukhululukire. Gemuyo sinandipemphe kuti ndimukhululukire, ndipo Tamara mukamupeza amakuuzani mosabisa kuti kwa bambo ake sabwererako. Koma sindikanathanso kumuyesa chilombo chabe. Ndinakakamizika kusunga zinthu ziwiri mumtima nthawi imodzi: kuti munthuyu anawononga banja lake ndi manja ake, komanso kuti chisoni chake n'chenicheni.

Nkhaniyo sithera pamenepo. Kutali ndi nyumba ya Baron, pansi pa mtengo wa pa kaphiri kena, muli mzimu wotsekeredwa umene umakupemphani kuti muumasule, ndipo umalonjeza kupulumutsa ana amasiye amene ali m'manja mwa afiti atatu a kudambo, kumenenso Anna akutumikira. Mukaumasula, ana aja amapulumukadi, koma mzimuwo umakasakaza mudzi wa Downwarren, afiti amamulanga Anna mpaka amafa, ndipo Baron mumakamupeza atadzimangirira pamtengo pabwalo la nyumba yake. Mukaupha mzimuwo, mudzi umatsala, Anna amakhala moyo koma mutu utasokonekera, Baron amamutenga kupita naye kumapiri kukafuna womuchiza, ndipo ana aja simudzawaonanso. Pa nthawi imene mwaima pansi pa mtengo uja, simukudziwa kuti mukugamula za moyo wa Baron. Mukuganiza za ana basi.

Tsopano ndiuzeni, zimenezi mungazionetse bwanji m'kanema wa mphindi ziwiri? Kanema angaonetse kachilombo kaja, inde, ndipo anthu anganene kuti gemu iyi ndi yoopsa. Koma kulemera kwa dzina lakuti Dea kumafuna maola amene mwakhala mukufufuza m'zipinda za nyumbayo, mukuona zizindikiro za ndewu pakhoma, mukumva bamboyo akunama kenako akuulula. Wotsatsa sangagulitse zimenezi, ndiye amagulitsa zimene angathe: lupanga likudula mutu, mkazi akutuluka m'madzi. Sindikumuimba mlandu kwambiri wotsatsayo. Ndikudandaula kuti ife timatenga zimene iye watha kuonetsa n'kuziyesa muyezo wa gemu yonse.

Ndipo mapeto a Ciri m'gemu yomweyi amatsimikiza mfundoyi kuposa nkhondo ina iliyonse. Kuti apulumuke kapena ayi sizidalira lupanga limene mwanyamula. Zimadalira tinthu ting'onoting'ono: ngati munasewera naye moponyerana chipale pamene anali wosweka mtima, ngati munamuperekeza kumanda a mnyamata amene anamuthandiza, ngati munamulola kukalankhula yekha ndi akazi amatsenga m'malo momulankhulira, ngati munakana ndalama zimene mfumu Emhyr, bambo ake omubereka, anafuna kukulipirani pomubweretsa. Osewera ambiri anachita zimene ankayesa chikondi, kumuteteza pa chilichonse, ndipo anamutaya. Gemu ya zilombo ndi malupanga inakhala ikukuyesani ngati mukudziwa kulera mwana amene wakula. Pa zinthu zonsezi palibe dontho la magazi ngakhale limodzi.

Pa nkhani ya maganizo oyambirira, vuto ndi nthawi. Kuyambira mu 2015, Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, imalola kubweza gemu ngati simunaisewere maola opitirira awiri ndipo sipanathe masiku 14 chiigulireni. Lamuloli ndi labwino, limateteza ogula. Koma RPG yaikulu imatenga maola makumi asanu, ina kupitirira zana. M'maola awiri mwangopanga nkhope ya munthu wanu, mwaphunzira kumenya, mwapha mimbulu ingapo. Zimene munganene moona mtima pa nthawiyo ndi zakuti gemu ikuyenda bwino pa kompyuta kapena ikudukiza, kumenyana kukukoma kapena ayi, mawu a anthu akumveka bwanji. Zimenezi n'zofunika, ndipo sindikuzipeputsa. The Witcher ya 2007 inkachedwa kwambiri polowa ndi potuluka m'nyumba iliyonse, moti kampaniyo inatulutsa Enhanced Edition mu 2008 n'kuipereka ulere kwa amene anali atagula kale. Madandaulo a osewera ndi amene anabweretsa kukonzako. Koma munthu amene wasewera madzulo amodzi n'kulengeza kuti nkhani ya gemuyi ndi yozama, kapena kuti ndi yachabechabe, akunena zimene sanazione. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudikira nakonso kuli ndi matenda ake. Munthu akadikira zaka, amamanga gemu yakeyake m'mutu. Kanema aliyense, chithunzi chilichonse, mawu alionse a wopanga, amaziwonjezera pa nyumba ya m'maganizoyo. Tsiku lotulutsa likafika, gemu yeniyeni imapikisana ndi gemu imene kulibe, ndipo singapambane. Ena amakwiya mopitirira muyezo. Ena, poti anaika mtima wonse ndi ndalama zomwe, amaiteteza ngati m'bale wawo, osafuna kumva cholakwika chilichonse. Magulu awiriwa amatukwanizana sabata yonse yoyamba, onse asanafike ngakhale pakati pa nkhani.

Zinandichitikirapo. Pali gemu ina imene ndinailipira miyezi ingapo isanatuluke, chifukwa cha kanema mmodzi amene anandigwira mtima. Itafika, ndinakhala masiku angapo ndikudziuza kuti ikoma kutsogoloku. Zisankho zake zinali zokongola pakamwa, koma chilichonse chimene ndinasankha chinkandifikitsa pa khomo lomwelo. Anthu ankafa mwankhanza, ankatukwana, ankavula, koma palibe imfa imene inasintha kanthu. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali ndalama. Chinali kuzindikira kuti ndinadzipereka ndekha kwa anthu amene anali asanandionetse chilichonse chogwirika.

Dziko lonse linaona zoterezi pa Cyberpunk 2077. Si gemu ya zinjoka ndi malupanga, koma phunziro lake ndi la tonse, makamaka poti inachokera kwa anthu omwe aja amene anatipatsa Baron. Inalengezedwa mu 2012, ndipo inatuluka pa 10 Disembala 2020 anthu 8 miliyoni atailipira kale. Pa PlayStation 4 ndi Xbox One inali yosweka kwambiri moti Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti, n'kudzaibwezera mu Juni 2021. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pake inakonzedwa, ndipo ambiri lero amaiyamikira, koma amene analipira msanga ndi amene anasenza zowawazo. Mbiri yabwino ya kampani si chikole. Dragon Age II inatuluka mu Malichi 2011, pasanathe chaka ndi theka chitulukireni yoyamba ija, ndipo osewera anapezeka akulowa m'phanga limodzimodzi kambirimbiri, litangotsekedwa makomo ena kuti lioneke lachilendo.

Wina anganene kuti ndikufuna kupha chisangalalo. Kudikira n'kokoma pakokha, kukambirana ndi anzako usiku za zimene zingadzachitike, kuwerenga masiku. Zoona, ndipo sindikufuna kuti zithe. Inenso ndimazikonda. Chimene ndikukana ndi kusandutsa chiyembekezo kukhala chigamulo, ndi kupereka ndalama pa lonjezo. Pali njira ina yodikirira imene Larian Studios ya ku Belgium inaonetsa. Baldur's Gate 3 inatsegulidwa kwa osewera mu Okutobala 2020 ili yosamalizidwa, gawo loyamba lokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti akugula chinthu chimene chikumangidwabe. Kwa zaka pafupifupi zitatu anthu ankasewera, kudandaula, kupereka maganizo, ndipo opanga ankasintha. Pamene inatuluka yathunthu pa 3 Ogasiti 2023, chiyembekezo cha anthu chinali chitakhazikika pa zimene manja awo anagwira. Chaka chomwecho inapambana mphotho ya gemu ya chaka ku The Game Awards.

Komabe ngakhale Larian inadziwa chimene chimakopa maso. Patatsala milungu yochepa kuti gemu ituluke, inaonetsa kachigawo ka zachikondi ndi munthu wosanduka chimbalangondo, ndipo intaneti yonse inalankhula za chimbalangondocho. Anthu amene anali asanamvepo za gemuyi anaidziwa tsiku limenelo. Koma amene anaisewera mpaka kutali amakamba zina. Amakamba za Astarion, mnzanu wa paulendo woyamwa magazi ndi wolankhula mokopa, amene mumadzazindikira kuti anakhala kapolo zaka mazana awiri, mbuye wake akumugwiritsa ntchito thupi lake kukopa anthu oti akawaphe. Pa malo ena mumakumana ndi mkazi amene akukulonjezani mankhwala amphamvu ngati mungamuuze Astarion kuti amulume. Astarion sakufuna. Mankhwalawo ndi othandizadi pa nkhondo, ndipo gemu sikuletsani kumukakamiza. Mukamulola kuti akane yekha, amabwera pambuyo pake kudzakuthokozani, ngati munthu amene sanazolowere kuti "ayi" wake amveke. Nkhani ya thupi ndi chilolezo yakambidwa apa mozama kuposa mmene umaliseche wonse wa m'gemumo ungakambire.

Ndisamveke ngati ndikufuna kuti magazi ndi zogonana zichotsedwe. Ayi. Nkhondo imakhetsa magazi, anthu akuluakulu amakondana ndi matupi awo, ndipo nthano imene imabisa zimenezi nthawi zonse imanamanso. Kakhanda ka Baron kanayenera kukhala konyansa, chifukwa kakanakhala kokongola, kukanyamula sikukanakhala kulapa. Muyezo wanga ndi wophweka: chichotseni chinthucho, muone ngati nkhani igwa. Mukachotsa kachilombo kaja, nkhani ya Baron yatha. Mukachotsa makadi a akazi a 2007, palibe chimene chasowa. Mukachotsa madontho a magazi pa nkhope za anthu a Dragon Age, kukambirana kwawo kumamveka bwino kuposa kale.

Palinso msampha wina umene opanga magemu ambiri agweramo atawona kuti mdima ukugulitsa. Amaganiza kuti kukhwima ndi kupanga aliyense kukhala woipa: mfumu ndi wakuba, wansembe ndi wachinyengo, wosauka naye akungodikira mpata woti akubayeni. Chisankho chilichonse chimathera m'misozi, mwadala. Ukasewera maola angapo umaleka kusamala, chifukwa ukudziwa kuti chilichonse chimene ungachite chiipa basi. Kumeneko ndi kuganiza kwa wachinyamata amene wangotulukira kuti dziko lili ndi zoipa ndipo akuyesa kuti watulukira zonse. Munthu amene wakhalitsa pa dziko amadziwa kuti ubwino uliponso, kuti ndi wodula, ndipo kuti nthawi zina umapambana. Nkhani ya Baron imapweteka chifukwa muli kachiyembekezo kakang'ono, kakuti mwina munthuyu angasinthe. Popanda kachiyembekezoko, chingwe chija cha pamtengo sichikanatikhudza.

Ndiye gemu yotsatira ikalengezedwa, ine ndidzaonera makanema ake, ndidzakambirana ndi anzanga, ndidzawerenga masiku ngati wina aliyense. Ndalama zanga zidzadikira. Maganizo a tsiku loyamba ndidzawamvera pa zimene angathe kundiuza, zakuti gemu ikuyenda kapena ikugwa. Za nkhani yake ndidzafunsa amene afika kumapeto, ndipo funso langa lidzakhala limodzi: kodi pali chimene munasankha chimene chinadzakupezani mutachiiwala, n'kukusowetsani mtendere? Akayamba kundiuza za kukongola kwa nkhalango, ndidzadziwa yankho. Akakhala kaye chete asanayankhe, ndidzagula.

Za The Witcher IV, chimene ndikufuna kudziwa si nkhope ya Ciri. Ndikufuna kudziwa ngati gemuyo idzandilole kubwerera ku mudzi ngati uja patapita maola makumi awiri, chilombo chitafa kalekale, n'kukapeza kuti anthu aja asankha kale mtsikana wina woti amuperekeze kunkhalango, ndipo bambo ake a mtsikanayo akundiyang'ana ine amene ndinati ndawapulumutsa.